Mbali ya Alendo

Kapitawo atakweza dzanja, dalaivala analiza injini ya katapila. Bwalo lakale la mpira linkagwetsedwa kuti pamangidwe masitolo.

Ndipamene dalaivalayo anaona bambo ake ataima kuseri kwa waya, atavala jezi yawo yofiira yosuluka. Kunyumba anali atawanamiza kuti akukonza msewu.

Anatsika n'kupita pomwe anaima bambowo.

"Bambo, ndimati ndikuuzani..."

"Ntchito ndi ntchito, mwana wanga," anatero bambowo, maso ali pa benchi pomwe ankamunyamula paphewa timu yawo ikagoletsa. "Koma uyambire mbali ya alendo. Ankatitukwana kwambiri amenewo."

Bambowo anayesa kuseka.

Kapitawo anaimba wezulo n'kuloza mbali ya eni bwalo. Dalaivala anakwera osacheuka.