Zothyoka za Loweruka

Mvula inayamba m'mamawa, ya mawawa, yosadziwa kukata. Pofika masana Amisiri anali akadali pampando wawo, maso pachitseko. Linali Loweruka, tsiku la mpira, ndipo panalibe amene anali atagogoda.

Zimenezi zinali zachilendo. Pa nyumba za lendi zimenezi zinthu zinkakonda kuthyoka Loweruka. Sabata yatha unali mpopi wa mayi wogulitsa zovala. Sabata inayo inali loko ya dalaivala, ina ija mwendo wa bedi la namwino. Amisiri anali asanaonepo anthu a manja owononga chonchi. Akangogwira kanthu, kathyoka. Ndipo ukawakonzera sakulola kuchoka. Akuikira mpando, akuthirira tiyi, akuyambitsira nkhani za ana awo ndi za apongozi, mpaka mpira kutha. Malipiro ake, zikomo basi.

Iwo sankadandaula mokweza. Chimwalirire akazi awo, pakamwa ankatsegula podya pokha. M'nyumba mutazizira ndi pamene anayamba kupita kushopu yobetchera mpira pakona ya msewu, kumene kunali phokoso ndi anthu osafunsa mafunso. Inapita njinga, inapita wailesi. Tsiku limene anatuluka atasenza makina osokera a malemu kukagulitsa, mzere wonse unasuzumira pamawindo.

Mwana wawo wamkazi analira pafoni. Anawauza za gulu la anthu osiya juga limene limakumana kuholo, kukhala mozungulira n'kumauzana zakukhosi. Anamuyankha kamodzi kokha.

"Ndinayamba ndekha, ndisiya ndekha."

Ndipo anasiyadi. Miyezi inadutsa osapondako phazi kushopu kuja. Ankanyadira chamumtima. Mwamuna weniweni safuna kugwiridwa dzanja ngati mwana powoloka msewu. Ena aja ofuna gulu ankawamvera chisoni.

Koma lero chitseko chinali zii. Kunyumba ina wailesi inkatchula mayina a osewera. M'manja munayamba kuyabwa. Anapukuta masipanala oyera kale, nawabwezera m'bokosi. Anayang'ana pakona pamene pankakhala makina aja, pamene miyendo yake inasiya zipsera pansi. Kenaka anavala jekete. Angokaonako chabe, anadziuza. Kuona si kubetcha. Kachikwama kanalowa kokha m'thumba.

Anayenda m'khonde mwa mzere wonsewo, akulambalala madontho. Khomo la dalaivala linali lotseka, la namwino chimodzimodzi. Lomaliza linali la aphunzitsi opuma ntchito ndi akazi awo. Kupitirira pamenepo kunali geti, msewu ndi kona ija. Mvula inawonjeza mphamvu, ndipo Amisiri anaima pang'ono kukweza kolala.

Chitseko cha aphunzitsi chinali chotseguka pang'ono. M'katimo munkamveka kugogoda kwa chitsulo ndi kubuula kwa munthu wamkulu. Amisiri anapukusa mutu. Ayambanso. Sinki ya m'nyumba imeneyo anaimanga Amisiri okha mwezi watha, ndipo apa mwini wake anali atagwada pansi pake, magalasi ali pamphuno, akulimbana ndi paipi. Munthu wodziwa choko chokha, kugwira sipanala ngati supuni. Aone okha lero, anatero mumtima. Iwo anali ndi kopita.

Mayi a m'nyumbamo anaima pambuyo pa amuna awo, manja m'chiuno, akuwafunsa ngati akufuna kugona pomwepo. Aphunzitsi anayankha akupuma mwabefu kuti vuto si iwo. Munthu uja akamanga chinthu amamanga ngati akumangira zidzukulu, nati ya paipiyo siikutheka kumasuka.

"Ndiye menyani ndi hamala, bambo," anatero mayiwo. "Loweruka lino ndi lathu, anzathu onse anathyola kale zawo. Mukachedwa, Amisiri atulukira kukona kuja, ndipo mwana wawo tikamuuza chiyani?"

Amisiri anabwerera kunyumba kwawo mosaponda mwamphamvu. Anavula jekete, naika bokosi la zipangizo pamiyendo, nakhala pansi kudikira kuti agogode.