Maziko a ku Mphanjala

A Benedict Chafukira anazimitsanso makina owotcherera zitsulo, kachitatu tsopano. Anavula chigoba chakumaso, n'kuyenda mpaka pakhomo la shedi, n'kubwerera. Mvula ya Juni inkagogoda malata a ku Malaga, dera la mafakitale mumzinda wa Perth ku Australia. Linali Loweruka, ndipo mwini shediyo anawasiyira makiyi mpaka 4 koloko basi.

Mwana wawo Tisungeni anayang'ana wotchi ya pafoni. Nthawi inali itadutsa kale 2 koloko.

Iye ndi mnzake Luyando, mtsikana wa ku Lusaka, anali m'chaka chachinayi cha uinjiniya pa yunivesite ya ku Bentley. Gulu lawo linasankhidwa kupita ku Mphanjala, mudzi wina wa ku Dedza, kumene thanki la madzi linagwa pa nsanja yake mu 2002, ana awiri n'kuvulala. Chigwere thankilo, amayi akumeneko ankatunga kudambo. Ophunzirawo anakonza zokaimika nsanja yatsopano yachitsulo pa maziko akale omwewo. Lipoti la kampani yomwe inamanga linanena mosapita m'mbali: chinagwetsa thanki ndi chimphepo, maziko ali bwinobwino.

Chinatsala n'chimodzi. Aphunzitsi awo ankafuna kuona mwendo umodzi wa nsanjayo Lolemba, wowotcherera kale, kuti auyese mphamvu. Popanda mwendowo, ulendo wa Lachinayi panalibe. Inali ntchito ya ola limodzi. A Benedict anali atathapo maola atatu.

Luyando anamugunda Tisungeni ndi chigongono. "Batate bako bali che bwino?" ananong'ona m'Chinyanja cha kwawo.

Tisungeni anangogwedeza mutu. Vuto ankalidziwa.

Bambo ake anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi ku migodi ya ku Pilbara, kutali kumpoto kwa Perth. Anali injiniya, wokwera ndege milungu iwiri iliyonse. Mtengo wa miyala ya chitsulo utagwa, anawapatsa kalata yowachotsa ntchito. Tsopano, m'chaka cha 2016, ankawotcherera mageti a anthu. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa Tisungeni, kuti akalowe kampani yaikulu ya m'tauni, azivala jekete. Tsiku lomwe anawauza za Mphanjala kunyumba ku Cannington, anasiya chakudya m'mbale n'kukakhala m'galimoto panja.

Ndipo kumudzi sankakufuna. Chibwerere ku Perth zaka khumi ndi zitatu zapitazo, sanapondekonso. Ngakhale pa maliro a achimwene awo anangoimba foni. Anzawo akutchalitchi akamakamba za kwawo, iwo ankanyamuka kukakonza mipando. Tisungeni anazolowera kuganiza kuti bambo ake amachita manyazi ndi dziko lowabala. Lero anaona kuti ankazengereza dala, kuti Lolemba lifike mwendo kulibe.

A Benedict anatola pepala la mapulani pa benchi. Analiyang'ana, n'kulibweza. Anatola tepi yoyezera, anayeza chitsulo chomwe anali atachiyeza kale, n'kuiponya m'bokosi.

"Thankilo lidzanyamula malita angati?" anafunsa.

"Zikwi makumi awiri, adadi. Mwafunsa kale."

"Ndiye maziko munawakumba n'kuona?"

Tisungeni anayamba kuyankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, koma anadziletsa. Chichewa chake chinali chopindika, komabe ankafuna kuti mawuwa awalase.

"Nthawi yokumba tilibe. Tili ndi milungu inayi yokha, ndipo lipoti lilipo. Adadi, ngati simukufuna kutithandiza, nenani. Tipita kwa munthu wina."

A Benedict anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale anali ouma.

"Inu munachokako, chabwino," anapitiriza Tisungeni. "Munapeza madzi a pampopi, otentha ndi ozizira omwe. Koma kuli anthu akumwa limodzi ndi ng'ombe zaka khumi ndi zinayi. Ine ndikupita. Muwotcherere kapena ayi, ine ndikupita."

Luyando anayang'ana pansi. Mwana sayankhula choncho kwa kholo, ngakhale kuno.

Tisungeni anavala magolovesi. Anali atawotchererapo kawiri kokha kusukulu, ndipo mizere yake inkatuluka ngati phala lotayikira. Anatola chigoba cha bambo ake, n'kugwada pafupi ndi chitsulo chija. Dzanja lake litafika pa switchi, bambo ake analigwira.

"Dikira, mwanawe."

"Ndadikira kuyambira m'mawa."

"Mwendowu ndiwotcherera. Si ntchito yovuta."

"Nanga chovuta n'chiyani?"

A Benedict anakhala pa ndowa ya penti yovundikira. Anayang'ana Luyando ngati akufuna kumupempha kuti atuluke, kenaka anamuleka. Mvula inali itakalipa, moti anachita kukweza mawu.

"Ukafika, upemphe anthu akumbe mbali ya kum'mawa. Mita imodzi basi. Usaike kanthu pamwamba pake usanaone."

"Chifukwa chiyani? Lipoti likuti..."

"Lipotilo ndi labodza."

Tisungeni anaseka mowawidwa. Iyi ndiye inali njira yawo yomaliza, kumuopseza.

"Mukudziwa bwanji inu? Ku Mphanjala simunapondeko n'komwe."

"Ndinakhalako miyezi isanu ndi iwiri pomanga nsanjayo, iwe uli ku sukulu ya mkaka," anatero a Benedict. "Tsiku limene thanki linagwa lija kunalibe mphepo. Simenti inachepa, ine n'kulola kuti athire maziko choncho, ndipo lipotilo ndinalemba ndine."