Rabson anakafunsira mkazi ndi mawu a m'foni

Panali munthu wina kuno ku Chintheche, dzina lake Rabson, kwawo ku Dedza. Anabwera pa ntchito ya zaumoyo, aja oyenda ndi sikelo m'midzi kuyeza ana. Akuti nkhaniyi ndi yoona, wokayika akafunse ku Bandawe.

Rabson sanali woipa mtima ayi. Matenda ake anali foni. Malipiro akangotuluka, choyamba bandulo. Ankakonda makatuni a ku Japan, ndipo ukati makatuni ankakwiya, ati dzina lake ndi anime. Munthu wandevu, wa satifiketi ya Fomu 4, kumalira misozi chifukwa kamunthu kojambula ka maso ngati mbale kamwalira. Ukamufunsa kanthu, ngakhale mtengo wa usipa, ankati dikirani ndione pa intaneti. Wa Sitandade 6 akamulangiza ankangomwetulira. Mukudziwa mmene amachitira ophunzirawa.

Ndiye anakondana ndi Fyness, mtsikana wa ku Bandawe, wophika pa loji ina ku Makuzi. Atagwirizana za banja, Fyness anamuuza kuti:

"Kwathu mwamuna sapita yekha. Amatuma thenga, munthu wamkulu wokamuyankhulira. Nkhani yanga ili m'manja mwa asibweni, amalume anga a Wallace. A Mackson avomera kale kuti akhala thenga wako."

A Mackson anali mlonda wa pa geti kuntchito kwa Rabson, Mtonga wachikulire, woti wamangitsa mabanja ambiri.

"A Mackson osainira ndi chala aja akandiyankhulire ine?" anatero Rabson. "Mu anime mwamuna weniweni amapita yekha. Amagwada, chipumi pansi, n'kunena zakumtima. Makolo mpaka amalira."

"Makolo a kuti?"

"A ku Japan."

"Asibweni anga si a ku Japan. Komanso Chitonga sudziwa. Zaka zitatu uli kuno, umangodziwa yewo basi."

"Foni imadziwa, iwe usadandaule."

Analemba mawu ake m'Chichewa, nkuwaponya pa chida china cha pa intaneti chomasulira ziyankhulo, nasankha pomwe panalembedwa kuti Tonga. Masabata awiri akuloweza. Fyness atati amumvetseko, anakana, ati ndi sapulaizi.

Loweruka m'mawa anavala suti, nkukwera kabaza mpaka pakhomo pa a Wallace. Anawapeza akusoka ukonde, amayi a Fyness ndi abale ena ali pomwepo. Asanapatsidwe mpando, asanalonjeredwe n'komwe, munthu uja gwa! chipumi mumchenga, nkuyamba kukuwa:

"Mwabuka buti!"

Anayankhula mphindi zisanu zathunthu osapuma. Nkhuku zinathawa. Atamaliza, amayi a Fyness anafunsa chapansipansi ngati mwana wa eni akeyu wadwala.

A Wallace anaika ukonde pansi, nkumuyankha m'chiyankhulo chomwecho, mawu ambirimbiri. Rabson anangoti kukamwa yasa, sanatolepo ngakhale limodzi. Kenako a Wallace anasinthira ku Chichewa.

"Ada, dzukani, mchengawo ukutentha. Chimene mwayankhulachi ndi Chitonga ndithu, koma cha ku Zambia, ku Choma uko. Ndinagwirako ntchito ya njanji ndili mnyamata. Mwayankhula bwino, kungoti mwaphonya dziko. Wakuphunzitsani ndani?"

"Foni, bambo."

"Ndiye foniyo ikupezereni mkazi ku Choma."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Koma kuseri kwa nyumba Fyness ankalira. A Wallace atamva kulirako anasiya kuseka.

"Kuseka taseka, koma mwatinyoza. Mwana wathu si wotola pamsewu kuti munthu angobwera n'kukuwa. Amayi a ana amene mumawayeza aja amakupatsani moni tsiku ndi tsiku, inu maso pa foni. Pitani. Ife lero sitinaone mlendo."

Masabata atatu Fyness osayankha foni. Rabson anaonda, ngakhale makatuni aja sankakomanso. Tsiku lina anaima pa geti, manja kumbuyo.

"Ada Mackson, ndinalakwa."

"Bwanji, bandulo yatha?"

"Musatero, bambo. Mtsikana uja ndimamufuna."

A Mackson anamusunthira benchi. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya nkhomaliro inali sukulu. Moni, kakhalidwe pamaso pa apongozi, nthawi yoyankhula ndi nthawi yotseka pakamwa. Ku sikelo azimayi ankamukonza akalakwitsa, akumuseka, iye osakwiya. Malipiro a aphunzitsi anali amodzi. A Mackson ankati, "Tandionetsa tianthu takoto, dzulo tinalekeza kamtsikana kaja kali pamwamba pa sitima." Nawonso anali atakodwa.

Patatha miyezi inayi a Mackson anapita ku Bandawe ngati thenga. Ulendo woyamba anawabweza. Wachiwiri anawamvera. Wachitatu anati mwamunayo abwere timuone.

Rabson anafika ali kumbuyo kwa a Mackson, foni atasiya kunyumba. Anakhala pomwe anamulozera, osatsegula pakamwa. A Wallace anamuyang'ana nkumulonjera m'Chitonga cha kuno:

"Mwe uli, ada?"

"Nde umampha, kwali imwi?" anayankha Rabson, lilime lili la ku Dedza lenileni.

A Wallace anatembenukira kwa alongo awo, amayi a Fyness.

"Chitonga chake chikutsimphina, koma ndi cha kuno. Muitaneni Fyness abweretse madzi, mlendo wathu asambe m'manja."

Phunziro: Foni ndi yabwino, onerani makatuni anu, palibe akukuletsani. Koma foni siidziwa pakhomo pa apongozi anu. Mlonda amene mumamudutsa pa geti osamupatsa moni ndi amene amadziwa. Tumizirani anzanu onse, makamaka a masatifiketi amene akufuna kukwatira kwa eni ake.