Phewa la Filomena

Phewa lamanja linalira kuti thwa! chitsulo chisanafike pamwamba.

Filomena anachipendeketsa, makilo makumi asanu ndi atatu n'kugwera mu utuchi. Anatsala chagada pabenchi, miyendo yake yopuwala ndi poliyo itamangidwa ndi lamba. M'shedi yochekera matabwayo munalibe wina aliyense. Kunja, chifunga chinali chitameza mapaini a m'phiri la Dedza.

Ndi dzanja lamanzere anaimbira mphunzitsi wake wa masewera onyamula zitsulo ku Lilongwe.

"A Sangwani, phewa lija lachitanso."

"Unanyamula uli wekha? Ndinakuuza chiyani?"

"Nanga ndikanadikira ndani? Mpikisano ndi mwezi wamawa."

A Sangwani anayankhula motsitsa mawu.

"Dokotala anati likang'ambikanso, basi. Mapewa amenewo ndiwo miyendo yako, mwanawe. Ndikuchotsa m'timu ya dziko."

Filomena anamasula lamba, nadzikokera pa wilicheya mano atalumana.

Kwawo kunali kumtunda. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankakwera chitunda chimenecho yekha, ndipo aliyense wofuna kumukankha ankamukana moseka.

Anakankha wilo ndi dzanja limodzi. Wilicheya inangozungulira pomwepo. Anayesanso, inazunguliranso.

Anamanga mabuleki pakhomo pa shedi, mkono wovulalawo ataufungata pachifuwa. Kumunsi kwa njira kunatulukira mayi wina wosenza nkhuni, akubwera pang'onopang'ono. Filomena anapukuta nkhope ndi chitenje, nayamba kuyeserera chapansipansi mawu oti amuuze mayiyo.

"Pepani mayi, mungandikankheko?"