Malo a Seva ku Njuli

Latifa anaima pakhomo la kaofesi ka pa depoti ya Njuli, tepi yoyezera ili m'manja. Kampani yogula mkaka inali itamutuma kuchokera ku Limbe kuti asankhe poika seva, kompyuta yaikulu yoti iziyang'anira makompyuta a m'madepoti onse. Ku Milepa magetsi ankathimathima. Ku Ndunde denga linkadontha. Chipinda chabwino chinali chino chokha, momwe ankagwirira ntchito amalume ake, a Sharif.

"Tandigwirirani kumapetoko, amalume."

A Sharif anagwada pakona, n'kukanikiza tepiyo kukhoma ndi chala.

"Kodi makina akowo azigwira ntchito yanji, iwe Latifa?"

"Kompyuta ikazima ku Milepa kapena ku Ndunde, aku Limbe azidziwa nthawi yomweyo."

"Popanda munthu kupitako?"

Latifa anawerama n'kuwerenga manambala pa tepiyo. Munthu wopita kukaona makompyutawo anali amalume akewo. Dzuwa kaya mvula, ankazungulira madepoti onse pa njinga yamoto, yomweyo imene ankamuperekezera kusukulu ali wamng'ono. Bwana wa Latifa anali atamuuza kale kuti seva ikangoyaka, njingayo igulitsidwa ndipo ntchito ya amalumewo ithera pomwepo. Anamuletsanso kuulula.

"Ikwana?" anafunsa a Sharif.

"Ikwana, amalume."

A Sharif anadzuka pang'onopang'ono, nasasa fumbi m'mawondo. Anamuyang'ana kwa nthawi, koma sanamufunsenso za makinawo.

"Tebulo langali nditulutse lero kapena mawa?"

"Mawa, amalume."

"Ayi, tinyamuliretu lero. Mawa udzasowa wokuthandiza."