Chipewa M'manja pa Mlatho wa Mangochi

Felix anafufuta chithunzi chomaliza mu foni, chija anaima pafupi ndi mzinga wakale wa pa boma la Mangochi, mano onse ali pamtunda. Zithunzi zinatha, koma fungo la chambo chowamba chimene mkazi wake Ireen anabisa kuseri kwa kabati linali litadzaza nyumba yonse. Nsomba sisunga chinsinsi.

Ulendowo anaukonzekera kwa nthawi yaitali. Ireen anabadwira ku Area 23 konkuno, ndipo mvuu ankangoiona m'mabuku a ku pulayimale. Felix, telala wa pa msika, anamulonjeza kuti pokumbukira tsiku la ukwati wawo adzamuonetsa mtsinje wa Shire. Malo ogona analipiriratu.

Ndiye Lachisanu m'mamawa, zikwama zili kale pakhomo, kulira kunabuka kuseri kwa mpanda. Bambo Amosi, neba wawo, anali atatsikira kuli chete.

Felix ndi Ireen anangoyang'anana. Maliro n'kulirana, zimenezo ankazidziwa bwino. Mayi ake a Felix atamwalira, anali Amosi yemweyo amene anagona panja pa siwa, chifuwa chikumusautsa, mawa lake n'kunyamula nawo bokosi. Komabe awiriwo anatulukira khomo la kuseri, nadzera kanjira ka kuchigayo, mafoni atazimitsa. Anapangana kuti akadzafunsidwa adzati uthenga unawapeza ali kutali.

Ku Mangochi anaona zonse zimene anapitira. Anazungulira nsanja ya wotchi imene anamanga atsamunda, analowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, kenako anakwera boti. Mvuu itatulutsa mphuno pafupi nawo, Ireen anadzidzimuka mpaka boti linapendama, madzi n'kumunyowetsa thalauza yonse. Potsika anagula chitenje chakuda chamaluwa n'kuvala pamwamba. Anaseka ndithu, koma kunali kuseka kosafika m'mimba.

Loweruka masana anaima pa mlatho, akuonerera asodzi m'mabwato. Kenako kunatulukira lole yopachika masamba kutsogolo, amayi akuimba nyimbo ya maliro, ikuwolokera kutsidya. Felix anachita zimene munthu woleredwa amachita. Anabisa botolo la mowa kumbuyo, anavula chipewa, nazolika. Sanadzutse mutu mpaka nyimbo itazilala. Mumtima ankaganiza kuti nthawi yomweyo ku Lilongwe adzukulu akukwirira Amosi, iye ali pano kupereka ulemu kwa maliro a eni. Mowa uja sanaumalize.

Chibwerereni, Felix ankayenda ngati mbava m'dera lake lomwe. Ankalawirira kumsika, pobwera n'kudzera kuchigayo konkuja. Nyumba ya Amosi inali yokhoma, ndipo sakanafunsa munthu za mwambo wa maliro popanda kudziulula. Amayi a pa kiyosiki ya madzi ankasiya nkhani akamadutsa, n'kumamuperekeza ndi maso. Mkulu wina wa kutchalitchi anamugwira chanza osafuna kusiya, nati, "A Felix, anthu ngati inu ndi osowa." Mawuwo anamulasa. Anthu a m'tauni amadziwa kutukwana akumwetulira.

Chimene ankaopa ankachidziwa. Wozemba maliro salipitsidwa mlandu. Anthu amangodikira tsiku lake, n'kumusiya asenze yekha bokosi.

Tsopano, foni ili m'manja, anamva geti likulira. Ireen anasuzumira pawindo, nabwerera ndi nkhope yotuwa.

"Ndi Mayi Amosi," ananong'ona. "Abwera lero."

Namfedwayo analowa pang'onopang'ono, atavala zakuda, mpango utabisa mutu wometa. M'manja anali ndi jumbo. Anakana mpando, nakhala pamkeka. Atalonjerana, anakweza mphuno pang'ono.

"Chambo cha ku Mangochi ichi," anatero.

Bodza lija analiyeserera sabata yonse linauluka. Anatsetsereka pampando, nagwada pansi. Kunali bwino kungovomera, mayiyo amulalatire, zithe.

"Amayi, ife tilibe pakamwa. Zimene tinachita zija..."

"Musayankhule, bambo, ndinaona ndekha." Mayiyo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Amuna anga ankakutengani ngati mng'ono wawo. Kodi anakuuzanipo za kwawo?"

Felix anapukusa mutu. Zaka zonsezi akubwerekana wilibala ndi kusewera limodzi bawo, sanafunsepo. Amosi anali wa pa Area 23, basi.

"Ndiye munachita kufufuza nokha." Mayi Amosi anamasula jumbo ija, natulutsa chipewa chabulauni chimene malemu ankavala Lamulungu lililonse. Anachiika m'manja mwa Felix ndi manja awiri.

"Abale agwirizana kuti ichi chikhale chanu, ndipo ndauza kale anthu onse a mzere wathu. Kumanda ku Malindi, kutsidya kwa Shire, maso anga sankaona munthu. Koma pa mlatho paja ndinakuonani ndili mu lole, inu chipewa m'manja, mayiwa atavala chitenje. Munatsogola ulendo wonse uja pa thiransipoti yanuyanu, kukadikira mnzanu kwawo."