Mapepala a Abacar

Nthawi ya nkhondo ndinkasunga mapepala achinsinsi a anthu omangidwa, mu ofesi ina ya boma. Munthu akafera m'ndende, ndinkatentha mapepala ake kuseri kwa ofesi kukangoda, abale ake osauzidwa kanthu.

Tsiku limenelo ndinatentha a anthu anayi. Nditanyamula a munthu wachisanu, wina anatsokomola kutsidya kwa moto. Koma geti ndinali nditakhoma ndekha.

"Dona Olímpia, amenewo musatenthe."

"Ndinu ndani? Kuno sikufika munthu!"

"Abacar, wa ku Chiwanga. Mkazi wanga akundibweretserabe chakudya pageti. Mumalandira ndinu."

Ndinayang'ana pepala lili m'manja mwanga. Dzina linali lomwelo.

Kumbuyo kwa Abacar, anthu ena anayi anayamba kutsokomola.